Pikapu Yopendekera Kumanzere

Ku Joni ndinapita ndili kale ndi mkazi komanso mwana wamkazi amene anali atangoyamba kuyenda. Ndinali makaniko wa pansi pa mtengo ku Biwi, mmodzi mwa aja amathamangira galimoto iliyonse ikangokhotera kumashopu a masipeya. Ntchito inkapezeka lero, mawa osapezeka. Tsiku lonyamuka mkazi wanga anandiperekeza kuchokera ku Kawale mpaka kudepoti, mwana ali kumsana, ndipo sitinayankhulane zambiri. Anangondikumbutsa kuti bulangeti analiika pansi penipeni m'chikwama.

Mumzinda weniweni wa Joni sindinakhalitsemo. Ndinatsukako magalimoto, ndinagonako chipinda chimodzi ndi anthu amene mayina awo ndinawaiwala, mpaka munthu wina wa ku Mchesi anandiuza kuti chakumpoto, kufupi ndi mafamu a nyama zakutchire, kuli galaji imene ikufuna munthu wodziwa kugwira sipanala, ndipo kuli kale M'malawi mnzathu. M'malawiyo anali a Gondwe.

A Gondwe anali munthu wamkulu thupi, wamapewa otakata, woyenda pang'onopang'ono ngati akuopa kuswa pansi. Kwawo kunali ku Rumphi, koma banja lawo analisiya ku Area 23. Ine ndinkawatchula kuti Madala, iwo ankanditchula kuti mphwanga. Tinkagona m'kachipinda ka kuseri kwa galaji, pakati pa mulu wa matayala akutha ndi mpanda wa waya. Kuphika tinkasinthana. Lamulungu m'mawa ankavala malaya oyera ngakhale kuti tchalitchi cha kwawo kunalibe, n'kukhala pa chitini cha oyilo, kumang'ung'udza nyimbo za Chitumbuka mpaka dzuwa litafika pamutu.

Ntchito yathu inali yokweza magalimoto. Alimi ndi alenje ankabweretsa mapikapu awo kuti tiwaike masipuling'i aatali ndi matayala aakulu, kuti azidutsa m'miyala ndi m'mitsinje mimba ya galimoto osagunda pansi. Kukwezako sikunali kovuta. Chimene a Gondwe sankalola kuti munthu achite mothamanga chinali sitabilaiza, chitsulo chija chopindika nsonga zonse ziwiri chimene chimadutsa kunsi kwa galimoto, kugwirizanitsa mbali ya kumanja ndi ya kumanzere kuti pokhota galimoto isapendekeke kwambiri. Nsonga zakezo zimagwidwa ndi timiyendo tiwiri timene timati malinki. Galimoto ikakwezedwa malinki akale amafupika, amakokera chitsulocho pansi, ndiye chimayamba kugogoda pa mabampu kapena linki imathyoka. Amakaniko ena aulesi ankangochichotseratu, ndipo a Gondwe ankandiuza za mapikapu amene anawaonapo atagona chagada m'mbali mwa msewu chifukwa cha zimenezo.

Iwo ankaika malinki aatali okhala ndi mazinga, oti ukhoza kuwatalikitsa kapena kuwafupikitsa, mpaka nsonga za chitsulo chija zigone bwino ngati mmene zinalili galimoto isanakwezedwe. Sankamanga galimoto ili pa jeke. Ankaitsitsa kuti iime ndi matayala ake pa simenti yosalala, pamwamba pa dzenje limene tinkalowamo, kenako munthu wolemera ngati mwini wake ankakhala pa mpando wa dalaivala. Ukatero umamanga mbali imodzi, ina n'kumaipotokola mpaka bauti ilowe ndi zala zokha.

"Bauti ikafuna hamala, mphwanga, dziwa kuti pali chimene chikukunamiza," ankatero.

Popeza eni magalimoto ambiri anali anthu onenepa, wokhala pa mpando ankakhala a Gondwe, ine ndili m'dzenje. M'galajimo munkakhala phokoso la makina opopa mpweya, moti kuyankhulana kunali kovuta. Iwo ankaimva galimoto m'thupi mwawo ikamakhazikika. Akagogoda pansi kamodzi ndi chidendene cha jombo, ndinkadziwa kuti ndidikire kapena ndibwerere pang'ono. Akagogoda kawiri ndinkamanga.

Kumudzi anali asanapiteko kwa zaka zambiri. Mapepala awo anatha kalekale, monganso anga, ndiye tonse tinkadziwa kuti tsiku lodzawoloka malire lidzakhala lopita osabwereranso. Zimene ankapeza ankatumiza kwa mng'ono wawo ku Lilongwe, amene ankayang'anira ntchito yomanga nyumba pa puloti yawo ku Area 23. Mng'ono wawoyo ankawatumizira zithunzi pa foni, khoma litafika pa mawindo, kenako malata atakhomedwa, kenako khonde. A Gondwe ankazikuza zithunzizo ndi zala zawo zamafuta, kumandionetsa pamene padzakhale mpando wawo.

Chaka china anagula pikapu ya zitseko zinayi kwa mlimi wina. Inali itagubuduzikapo, denga litaphwanyika, ndipo inkangogonera nkhuku. Tinkaikonza Loweruka masana bwana wathu akatseka. Tinawongola denga, tinatsitsa injini n'kuibwezeramo, tinaipenta yoyera. Ankati aikweza kuposa mmene timakwezera za makasitomala, chifukwa msewu wopita pa puloti yawo nthawi ya mvula umasanduka mtsinje, ndiponso ankafuna kuti adzafike nayo mpaka kumapiri a kwawo.

Pikapu ikupita kumapeto, iwo anayamba kutsokomola. Poyamba ankati ndi fumbi la penti. Kenako ovololo inayamba kuwakulira, lamba anaboola mabowo ena, mawu anasasa mpaka anangotsala manong'onong'o. Kuchipatala anapita mochedwa, anabwerako ndi mapilitsi, koma thupi silinabwerere. Bwana wathu anawauza kuti azipuma, iwo n'kumabwerabe kudzakhala pa chitini pafupi ndi dzenje, kumandiyang'ana manja.

Loweruka lina, dzuwa likuswa mtengo, panali patangotsala sitabilaiza yokha. M'galaji munalibe wina aliyense ndipo makina onse anali ozimitsa. A Gondwe anatuluka m'chipinda okha, atameta ndevu, n'kunena kuti lero timalize. Ndinayendetsa pikapu kuiimika pamwamba pa dzenje, ndinatsika, iwo n'kuzungulira kupita ku chitseko cha dalaivala. Ndili m'dzenje ndinamva akukwera movutikira, akupumira m'mwamba. Atakhala pansi, galimoto inatsika mbali ya kumanja kwambiri ndithu, monga inkachitira kale ali ndi thupi lawo lonse. Ndinawaseka kuti kodi Madala mwabisa miyala m'matumba. Sanayankhe, koma sindinadabwe chifukwa mawu anali atawathera.

Ndinamanga linki ya kumanja, n'kusunthira kumanzere. Ndinkagwira ntchito uku ndikuwayankhula, za msewu wa ku Tete, za zimene tidzadye tikadzafika ku Dedza, za mmene akazi awo adzaonere galimoto imeneyi. Nditafuna kulowetsa bauti ndinamva kugogoda kamodzi pamwamba pa mutu wanga, phokoso lolimba la chidendene cha jombo pa chitsulo. Ndinadikira, ndinabweza mazinga pang'ono, bauti inalowa ngati yapakidwa mafuta. Anagogoda kawiri. Ndinamanga manati onse, ndinapukuta manja, n'kutuluka m'dzenje ndikuwauza kuti tsopano zatha.

Choyamba kuona chinali jombo zawo. Zinali pa simenti, pafupi ndi chitseko, zitaikidwa bwinobwino pamodzi. Anali atazivula kuti asadetse kapeti yatsopano imene tinayala m'galimoto. Iwo anali pa mpando, kumapazi kuli masokosi okha, manja onse ali pa chiwongolero, maso akuyang'ana kutsogolo kukhoma la galaji. Ntchentche inali kuyenda pa mlomo wawo ndipo sankaiingitsa. Nditawagwira dzanja linali lozizira, zala zitauma moti anthu a ambulansi anachita kuzikanula chimodzichimodzi. Mmodzi wa iwo anandifunsa chifukwa chimene ndinachedwera kuimba foni pamene munthuyu anatisiya m'mawa. Ndinamuuza kuti akwera okha posachedwa pomwepa, ine ndikumva. Anandiyang'ana, n'kupitiriza ntchito yake.

A Gondwe anali ndi alongo awo amene ankagwira ntchito ya m'nyumba ku Pitoliya, mayi wachikulire wosakonda kuyankhula. Iwo pamodzi ndi gulu la Amalawi lothandizana pa maliro anayendetsa za mapepala, ndipo zinatenga masabata. Ena ankati thupi lipite pa ngolo yokokedwa ndi basi monga zimakhalira, koma alongo awo anakana. Anati munthu wapanga yekha galimoto yopitira kwawo, apite pa yomweyo. Woyendetsa panalibe wina koma ine. Ndinakhala masiku ndikulingalira, chifukwa ntchito ija inali yabwino ndipo mwana wanga anali pa sukulu. Nditamuimbira mkazi wanga anati ndichite chimene mtima wanga ukundiuza. Bwana wathu anatipatsa tayala lapadera ndi mafuta, anandigwira chanza osandiyang'ana kumaso.

M'mawa wa tsiku lonyamuka tinakweza bokosi kumbuyo, tinaliika pakatikati, tinalimanga ndi malamba n'kufunditsa tenti. Nditaima patali kuti ndione ngati zonse zili bwino, ndinaona kuti pikapu yapendekera kumanzere. Sikunali kupendekeka kwakukulu, koma diso la makaniko silikanakuphonya. Ndinayeza mpweya wa matayala, unali wofanana. Ndinayang'ana masipuling'i, anali abwinobwino. Katundu wathu anali wochepa ndipo ndinamusunthira yense kumanja, koma sizinasinthe. Ndinapempha mnzathu wina wa msinkhu wanga kuti akhale pa mpando wa dalaivala, ine n'kulowa m'dzenje. Bauti ija inalowa ndi zala tsiku lija inali italimba, ndinachita kuimenya kuti ituluke. Kuti ilowenso bwino ndinafupikitsa linki ya kumanzere kwambiri, monga mmene ndikanachitira pa mpando wa kumanzere pakanakhala munthu wamkulu thupi. Pa mpandopo panalibe kanthu, ngakhale chikwama. Sindinauze aliyense. Ndinamanga manati, tinanyamuka.

Alongo awo a Gondwe anakhala kutsogolo, pambali panga. Ndinkawaona akusunthasuntha, akudzikanikiza ku chitseko ngati munthu wa m'minibasi yodzaza. Titaima pothira mafuta koyamba anatsika, anakakhala pa mpando wa kumbuyo, kumbuyo kwanga kwenikweni. Nditawafunsa ngati dzuwa likuwawotcha, anangoti kutsogoloko kwathina. Kenako anatsegula thumba limene munali zovala za malemu, anatulutsa jombo zija, n'kuziika pansi kutsogolo kwa mpando wa kumanzere, zala zake zitaloza kumene tinkapita.

Za ulendowo ndimakumbukira zidutswazidutswa. Mizere ya pa malire, kutentha kwa ku Zimbabwe, mbuzi zogona pa phula, anthu amene ankavula zipewa akazindikira chimene tanyamula. Pikapu inkayenda bwino, pokhota inkakhazikika, kungoti galasi la kumanzere sindinkakonda kuliyang'ana. Ndikafuna kuona mbali imeneyo ndinkaweramira kutsogolo kaye, ndipo ndinadzazindikira patapita nthawi kuti ndikuchita zimene munthu amachita pakakhala wina womutchinga.

Titawoloka mlatho wa ku Tete tinaima kuti injini ipume. Mayi wina wogulitsa masau anabwera ku windo la kumanzere, anakweza mbale yake, n'kumayankhula Chinyungwe cha kumeneko mwaulemu, maso ali pa mpando uja. Ankaoneka ngati akudikira yankho. Ndinamuitana kuti abwere mbali yanga. Anandiyang'ana ine, anayang'ananso pa mpando, kenako anaona tenti kumbuyo kuja. Anatsitsa mbale yake n'kuchoka mofulumira, osacheuka, masau ena akugwera m'fumbi.

Tinasankha msewu wodzera ku Angonia kuti tikatulukire ku Dedza. Kumeneko msewu umakwera mapiri mokhotakhota. Kunali masana, kunja kukuwala bwino, ndipo ndinali nditatopa. Pa kona ina yokhotera kumanzere, yotsetsereka, ndinangoona lole ya mbatatesi itafera pakati pa msewu, masamba ochenjeza ataikidwa pafupi kwambiri. Ndinaponda buleki n'kukhotetsa kuti ndidutse cha kuphiri. Galimoto yokwezedwa, yonyamula bokosi pamwamba, siikhululuka zotere. Ndinamva matayala a kumanzere akunyamuka. Pa windo la mbali imeneyo ndinaona mitambo yokhayokha, kumanja kwanga kuli chigwa, alongo aja atandigwera kumsana kwa mpando. Ndinadziwa kuti tapita.

Pamenepo chinthu cholemera chinadziponya ku chitseko cha kumanzere, cha mkati. Ndinamva mpando ukulira ndi chitseko chikugunda. Matayala anabwerera pansi mwamphamvu moti mano anga anagundana, pikapu inadutsa lole ija n'kukaima m'maudzu.

Ndinatsika kuti ndione. Bokosi linali pamalo pake. Chitseko cha kumanzere chinali chitatupira kunja, chitsulo chitafufuma pamalo pamene pamafika phewa la munthu wokhala pansi, pamene penti ya kunja inalibe ndi kukalika komwe. Ndinayesa kuchitsegula, chinakana. Nditasuzumira kunsi ndinapeza linki ya kumanzere itapindika ngati chala.

M'bokosi la zipangizo munali linki ina imene a Gondwe anasungamo. Ndinasunthira galimoto pamalo osalala, ndinayala katoni, n'kulowa kunsi chagada. Alongo aja anakana kukhala m'galimoto. Anakaima pansi pa mtengo cha patali, ndipo ndili kunsiko ndinkawaona mapazi awo. Anyamata a lole ija anali kumtunda, akutola mbatatesi. M'galimoto munalibe munthu. Ndinachotsa linki yopindika, ndinaika inayo, ndinayamba kupotokola mazinga. Nditatenga bauti ndinamva kugogoda kamodzi, pamwamba penipeni pa nkhope yanga, mbali ya kumanzere.

Thukuta linandilowa m'maso koma sindinathe kulipukuta. Ndinaganiza zotuluka n'kuthawa, kungoti kothawira kunalibe, ndipo manja anga anali atayamba kale kubweza mazinga monga anazolowerera. Bauti inalowa ndi zala. Anagogoda kawiri.

"Ndamva, Madala," ndinatero. "Tatsala pang'ono."

Mu Lilongwe tinalowa tsiku lotsatira cha kum'mawa. Mzinda unali utasintha moti pena ndinkachita kufunsa njira, misewu ina itakula, nyumba zitamera m'malo amene ndinasiya chimanga. Akazi awo a Gondwe, a NyaChirwa, anali atanena pa foni kuti tikafika m'tauni tiwaimbire kuti atilondolere. Koma alongo aja anati palibe chifukwa, njira ya ku puloti akuidziwa, ndipo mwini wake ayenera kufikira pa nyumba yake. Msewu uja a Gondwe ankati umasanduka mtsinje tinaupeza uli ndi phula, maminibasi akudutsa mwaliwiro.

Nyumba tinaizindikira chifukwa cha zithunzi zija, khonde lomwe lija, malata omwe aja. Koma pamsewu panalibe masamba osonyeza maliro, panalibe anthu, panalibe nyimbo. Panali mpanda wa njerwa ndi geti, mkati mukulira wailesi. Titagogoda anatuluka mayi wina amene tonse sitinkamudziwa. Alongo aja atatchula dzina la Gondwe, mayiyo anati dzinalo akulidziwa, ndi la bambo amene anawagulitsa malowa zaka zapitazo khoma lili pa mawindo. Anati nyumbayo anamaliza okha ndi amuna awo, ndipo bambo wogulitsayo ankabwerabwera kudzajambula zithunzi, ankati amakondwa kuona mmene ikukongolera. Anali mng'ono wawo wa a Gondwe. Za mayi amene ankakhala m'kanyumba ka kuseri ndi ana, anamva kuti anasamukira ku Kauma.

Mayiyo ataona tenti anagwira pakamwa, anatipepesa, anafunsa ngati tingamwe madzi. Alongo aja anakhala pansi m'mbali mwa ngalande, osalira, akungoyang'ana geti. Ine ndinaima pafupi ndi pikapu. Injini inali yozima, kunalibe mphepo, koma ndinkamva masipuling'i a kumanzere akulira pang'onopang'ono, monga amachitira munthu akamatembenuka pa mpando kuti aone bwino chinthu. Sindinayang'ane m'katimo. Ndinauza alongo aja kuti tiyeni tiimbe foni ija.

Ku Kauma ndi kumene kukweza kuja kunagwira ntchito. Titasiya msewu waukulu tinalowa m'tinjira tokumbika ndi madzi, todzaza miyala ndi maenje, tina topapatiza moti magalasi ankakhudza mipanda ya udzu. Galimoto wamba sikanafika. Mwamuna wina wa mpingo wa a NyaChirwa ankatitsogolera wapansi. Kenako tinaona masamba pa njira, tinamva nyimbo za Chitumbuka, zomwe zija ndinkazimva Lamulungu kuseri kwa galaji, tsopano zikuimbidwa ndi amayi ambiri ovala zoyera ndi zakuda. Nyumba ya mayiwo inali ya zipinda ziwiri, yalendi, yoyang'anizana ndi bafa la anthu ena.

Amuna anamasula malamba, anatsitsa bokosi n'kulilowetsa m'nyumba, amayi akulira. Kumbuyo kwa pikapu kunakwera chifukwa katundu anachoka, koma kumanzere kunakhalabe kotsika. Bambo wina amene ankaoneka kuti amadziwa za magalimoto anandifunsa ngati sipuling'i yathyoka. Ndinati ayi.

A NyaChirwa anatuluka patapita nthawi, atagwiriziridwa ndi amayi awiri. Anali mayi wamng'ono thupi, imvi zikuonekera m'mphepete mwa duku. Alongo aja anawanong'oneza kanthu ku khutu. Iwo anayang'ana pikapu nthawi yaitali, kenako anauza amayi aja kuti awasiye, n'kuyenda okha mpaka pa chitseko cha kumanzere. Ndinafuna kuwauza kuti chitsekocho sichitseguka chichitikireni ngozi ya kumapiri, koma anali atagwira kale chogwirira, ndipo chinatseguka mosavuta.

Anaima pamenepo, dzanja lili pa chitseko, akuyankhula ndi mpando wopanda munthu. Ankayankhula motsitsa, Chitumbuka chosakaniza ndi Chichewa, moti ife amene tinali pafupi tinkamva. Anauza amuna awo kuti nyumba ija, monga adzionera okha, si yawo. Anati anakhala chete zaka zonsezi chifukwa nthawi iliyonse akaimba foni ankamva mmene mawu awo akusangalalira ndi zithunzi zija, ndipo analibe mtima wowalanda chinthu chokhacho chimene chinkawadzutsa m'mawa kudziko la eni. Anawauza kuti ana ali bwino, wamkulu anakwatira, ali m'nyumbamo akuwadikira.

"Pano ndi pamene ndimakhala, dada," anatero. "Ndi pochepa, koma malo anu alipo. Khirani, tsikani, mwafika."

Nyimbo zinali zitasiya. Tonse tinamva masipuling'i akulira, ndipo mbali ya kumanzere inakwera pang'onopang'ono mpaka galimoto inaima mowongoka. Amuna amene anatsamira kumbuyo kwake anachokapo mwakachetechete. A NyaChirwa anapatuka pang'ono pa chitseko monga umachitira popereka njira, anadikira, kenako anawerama n'kutenga jombo zija, kulowa nazo m'nyumba. Mtsogoleri wa nyimbo anayambitsa ina.

Ndinakhala pa maliropo mpaka titaika. Mng'ono wawo wa a Gondwe uja anaonekera kumanda atavala suti, ndipo pobwerera anandikokera pambali kufunsa za makiyi a pikapu. Ndinamuuza kuti ali ndi mayi a m'nyumba, akafunse kumeneko pamaso pa anthu. Sanapite. Ndisanachoke ndinakhazika mwana wawo wamkulu pa mpando wa dalaivala, ndinalowa kunsi n'kutalikitsanso linki ija, chifukwa bauti inali italimbanso. Ndinagwira ntchitoyo mwakachetechete, ndikumvetsera. Kunkangomveka nkhuku ndi mapoto amene amayi ankatsuka.

Ku Kawale ndinafika masana, pa minibasi, chikwama chili pa miyendo. Mtengo wa mango umene unali pakhomo pathu unali utadulidwa, pamalo pake pali kaokala ka windo la waya, mkati muli sopo, shuga ndi mabanzi. Mtsikana wamtali wovala yunifolomu ya sekondale ankapereka chenji kwa kasitomala. Atandiona nditaima ndi chikwama anandipatsa moni mwaulemu, n'kufunsa kuti ankolo mukufuna ndani. Mawu ake ndinkawadziwa a pa foni, koma nkhope inali ya munthu wina, yofanana ndi ya malemu mayi anga. Ndinatchula dzina la mkazi wanga. Anaitana amayi ake.

Mkazi wanga anatulukira kuseri akupukuta manja pa chitenje. Anali atanenepa, atavala magalasi, akuyenda ngati munthu amene anazolowera kuti zonse za pakhomo zimadikira mawu ake. Ine ndinali ndidakali kunja kwa mpanda. Kageti kanali kotsegula, koma miyendo yanga inkakana kudutsa. Nkhani ya ku Kauma inali itamufika kale, chifukwa nkhani zotere sizichedwa. Anandiyang'ana kuyambira kumutu mpaka kumapazi, kenako anayang'ana kumbuyo kwanga, mbali iyi ndi iyo, monga munthu wofuna kudziwa kuti aphikire alendo angati.

"Mwabwera nokha?" anafunsa.

Ndinayamba ndacheuka. M'njiramo munali mayi wosenza ndowa ndi galu atagona pa mthunzi. Ndinamuuza kuti eya, ndili ndekha.

"Ndiye lowani, bambo ake. Mwaima pamenepo mokwanira."